Liwiro limayambira pa thabwa

Kalibe injini. Kalibe batire. Kalibe dalaivala. Ndi kachidutswa ka thabwa, matayala anayi ndi misomali inayi, basi. Koma kaikeni pamwamba pa msewu wake wotsetsereka, mukasiye. Kamatsika ndi liwiro la mtondo wadooka, ana akukuwa, makolo ataimirira, ndipo pomwe muziti muphethire kachiwiri mpikisano watha. Masekondi atatu okha. Ntchito ya milungu ingapo imaweruzidwa m'masekondi atatu, koma mlandu wake umakhala utayamba kalekale, tsiku lomwe munthu anatola thabwa n'kunena kuti langa ndi ili.

Masewerawa kwawo ndi ku America. Anayambira ku Manhattan Beach, ku California, m'chaka cha 1953. Don Murphy, yemwe ankatsogolera gulu la ana a Cub Scouts, anali ndi mwana amene msinkhu wake sunkamulola kulowa Soap Box Derby, mpikisano wa timagalimoto tokwera munthu. Bamboyu sanadikire kuti mwana akule. Anaichepetsa galimotoyo mpaka inakwana m'manja, n'kuitana ana a gulu lake kuti aliyense aseme yake. Umo ndi mmene Pinewood Derby inayambira, ndipo mpaka lero chaka chilichonse ana a Cub Scouts amalandira kabokosi kokhala ndi thabwa la paini, matayala anayi apulasitiki ndi misomali inayi. Abale athu amene akulera ana kumeneko, mwana akangolowa gululi, kabokosika kafika patebulo.

Malamulo ake ndi achidule. Thabwalo ndi la masentimita pafupifupi 18 m'litali, 4.4 m'lifupi ndi 3.2 kukhuthala kwake. Galimoto yomalizidwa isapitirire magalamu 142, omwe kwawoko amati ma ounce 5. Injini ayi. Sipuling'i ayi. Kukankha ndi dzanja ayi. Onse amanyamukira pamzere umodzi, pamsewu umodzi, ndi malire amodzi pa sikelo. Mwana wa bwana ndi mwana wa mlonda alandira thabwa lofanana. Chotsala ndi diso, dzanja ndi mutu.

Ndipo anzanga, diso tili nalo. Dzanja tili nalo. Mutu tili nawo. Ambiri mwa ife tinakula tikupinda mawaya. Tinapanga magalimoto a chiwongolero chachitali, matayala okhota bwinobwino, ena mpaka zitseko zotseguka, popanda buku, popanda mphunzitsi. Tinkayeza ndi maso. Tayala likaguluka tinkakonzera pamsewu pomwepo n'kupitiriza ulendo. Luso limenelo silinafe. Likungodikira ntchito yatsopano, ndipo ntchitoyo ndi iyi. Paini ali kwa kalipentala wa pakona. Nsungwi zili kuseri kwa nyumba. Supa guluu ali pa okala. Atsikana, anyamata, aphunzitsi a sayansi, makolo amene mukusowa chochita ndi ana Loweruka masana, senderani pafupi.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimathamangitsa kagalimotoka, chifukwa chimenecho ndicho chitiuze thabwa loyenera kutola. Mphamvu yake yonse imachokera pa kulemera kwake kukamatsika kuchokera pamwamba. Palibenso kwina. Tsono taonani mmene kamaimira ponyamukira: mphuno yaloza pansi, kumbuyo kuli m'mwamba. Mukaika zolemera kumbuyo, ndiye kuti zayambira pamwamba kuposa za mnzanu amene waziika pakati kapena kutsogolo, ndipo zimapitirizabe kukankha pamene mphuno yafika kale pamalo athyathyathya. Kusiyana kwake ndi masentimita ochepa chabe. Koma pampikisano umene woyamba ndi wachiwiri amasiyana ndi kachigawo ka sekondi, masentimita ochepawo ndi chuma.

Tiwerengere limodzi. Thabwa lathunthu la m'kabokosi limalemera magalamu pafupifupi 100. Matayala ndi misomali, magalamu ngati 15. Mukalisiya lathunthu, mwatsala ndi magalamu osakwana 30 oti muike pamene mukufuna. Koma lichekeni litsale lokhuthala mamilimita 8 okha: silifikanso magalamu 30. Tsopano m'manja mwanu muli magalamu pafupifupi 100 amene mukuwalamula ndinu. Inuyo ndi amene munene kuti akhale apa, osati apo. Galamu iliyonse imene mwachotsa m'thabwa mwaipatsa ntchito kumbuyo. N'chifukwa chake tikufuna thabwa lopepuka. Koma thabwa lopepuka, lopyapyala, lonyamula chitsulo kumbuyo, limang'aluka mosavuta. N'chifukwa chake tikufunanso kulilimbitsa. Lipepuke. Lilimbe. Zonse ziwiri, pa thabwa limodzi, ndipo n'zotheka.

Paini ndi wopepuka, ndi wofewa posema, amagwira guluu bwino ndipo salimbana ndi mpeni. Kwathu kuno si mlendo. Nkhalango ya Viphya, imene ambiri timangoti Chikangawa, inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo ku Zomba ndi ku Dedza nakonso paini alipo. Matabwa ake ndi omwewo amene amakhomera madenga ndi kupanga mabedi m'tauni iliyonse. Nkhalangozi zavutika kwambiri ndi moto komanso kudula mosasamala, choncho ine ndikuti tisachekese thabwa latsopano chifukwa cha kagalimoto. Chimene tikufuna ndi kachidutswa ka masentimita 18, ndipo kameneko kagwa kale pansi pa benchi ya mmisiri.

Thabwa la malaina nalonso ndi labwino: lopepuka, losalala, ndipo likauma bwino silisunthasuntha, kungoti limachedwa kuuma, choncho musalikhulupirire msanga. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokongola, yolimba, yaulemu wake, koma yolemera. Kachidutswa ka mlombwa ka mamilimita 8 kamafika magalamu ngati 40, ndiye kuti mwataya magalamu 10 kapena kuposerapo pamalo amene sakukuthamangitsani. Komabe musautaye mlombwawo, uli ndi ntchito yake kutsogoloku. Bulugamu amakonda kupotoka pouma ndi kung'aluka akamva msomali, mudutseni. Mkungudza wa ku Mulanje wokha ndiye musaukhudze n'komwe. Ndi mtengo wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu paphiripo.

Palinso balsa, mtengo wa ku South America umene wambiri umachokera ku Ecuador. Kupepuka kwake n'kodabwitsa: pafupifupi makilogalamu 160 pa kiyubiki mita, gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa paini. Ndi umene ana asukulu m'mayiko ambiri akhala akusemera timagalimoto tokankhidwa ndi kabotolo ka mpweya wa carbon dioxide, tomwe timatha mamita 20 m'sekondi imodzi kapena kuposerako pang'ono. Koma balsa amatobweka ndi chikhadabo, ndipo msomali sakuugwira. Mukamupeza, dziwani kuti payekha sangaime, afunika kuvekedwa. Mukapanda kumupeza, musaone ngati mwatsalira. Paini wosankhidwa bwino wapambana mipikisano kuyambira 1953. Ndipo inu amene mukulowa mpikisano wa a Cub Scouts weniweniwo, werengani kaye malamulo a gulu lanu, chifukwa magulu ambiri amafuna thabwa la m'kabokosi lomwelo. Ngakhale pamenepo kusankha kulipo, poti matabwa a m'timabokosi salemera chimodzimodzi ndipo mizere yake siyenda mofanana.

Tsono tiyeni kwa kalipentala. Perekani moni kaye. "Bambo, mwaswera bwanji? Ndingatoleko tizidutswa tapansiti?" Mukawafotokozera chimene mukufuna kupanga, musadabwe kuwaona akuika puleni pansi n'kubwera kudzakuthandizani kufukula. Amisiri amenewa akhala akuwerenga matabwa kwa zaka zambiri. Afunseni. Amvereni.

Musatole chimodzi. Tolani zisanu, tolani khumi. Pukutani utuchi ndi chala. Nyamulani chidutswa chifike pafupi ndi diso, tsinzinani diso linalo, muyang'ane motsata m'mphepete mwake kuchokera kuno kukafika uko. Mzerewo ukupita molunjika kapena wakhota? Chigonekeni pagalasi kapena patebulo losalala, mudinikize ngodya imodzi. Chikagwedera, chapotoka. Chibwezeni pamulu osachimvera chisoni. Galimoto ya thabwa lopotoka matayala ake sangaloze kumodzi. Idzapita ikukhula kanjanji kowongolera galimoto kamene kamakhala pakati pa msewu wa mpikisano, uku ndi uku, liwiro likuthera m'kukhulako mpaka kumapeto.

Yang'anani mfundo. Mfundo ndi pamene panali nthambi, ndipo pamenepo ulusi wa thabwa umasiya njira n'kuzungulira. Ndi polemera, ndi pouma gwa, choboolera chikafikapo chimapatuka, ndipo thabwa likafuna kuthyoka limayambira pomwepo. Yang'ananinso utomoni: malo achikasu onata amene amalemera ndiponso amakana guluu ndi penti. Mukaona timabowo ta tizilombo tikutulutsa kaufa, musataye nthawi. Kenako tembenuzani chidutswacho muone kumutu kwake, kumene sowo inadula. Timizere mukutiona pamenepoto ndi zaka za mtengowo. Tikakhala toyandikana, tofanana, toimirira kuchokera pansi kupita pamwamba, mwapeza thabwa losapindika wamba. Tikamazungulira kadontho kamodzi, ndiye kuti chidutswacho chachokera pamtima penipeni pa mtengo, pamene pamang'aluka msanga. Chisiyeni.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikufuna tichedwepo. Thabwa lili ngati nzimbe. Ulusi wake wonse umayenda njira imodzi, motsata utali. Kung'amba nzimbe motsata ulusi, mano okha akwana. Kuithyola mopingasa, pafunika bondo ndi mphamvu. Thabwa nalonso n'chimodzimodzi: ndi lamphamvu kwambiri motsata ulusi, ndi lofooka kwambiri mukamalekanitsa ulusiwo. Choncho mizere iyende kuchokera kumphuno kukafika kumbuyo, molunjika, osatulukira m'mbali. Itsatireni ndi chala. Mzere ukayambira pamwamba kutsogolo n'kukatulukira pansi pakati pa galimoto, pamenepo ndi pothyokera, ngakhale lero pakuoneka bwino. Mukamvetsa ichi chokha, mwamvetsa chifukwa chake msomali umang'alula thabwa: umalowa pakati pa ulusi n'kuukankhira mbali ziwiri. Mwamvetsanso chifukwa chake pulayiwudi sang'aluka wamba: zigawo zake zinamatidwa mopingasana, china ulusi uku, china ulusi uko, chilichonse chikugwira chinzake.

Mwapeza labwino? Musathamangire sowo. Liumitseni. Thabwa lachinyezi limanama kawiri: limalemera ndi madzi, kenako likamauma limafota m'lifupi ndi kupindika, mabowo amene munaboola molunjika n'kupendekeka. Liikeni pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa timitengo tiwiri kuti mpweya uzizungulira mbali zonse. Padzuwa lamphamvu ayi, kunja kumauma msanga kusiya m'kati ndipo limachita ming'alu. Liyezeni pa sikelo, mulembe nambala pathabwa pomwepo ndi pensulo. Pakapita masiku angapo yezaninso. Nambala ikasiya kutsika, lauma. Ku America ena amaliika mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa ola limodzi kapena awiri. Zimachotsa magalamu ochepa, koma phindu lenileni n'lakuti ngati thabwa liti lipindike, lipindikiretu musanaliboole. Zimenezo zikhale za akuluakulu, ndipo maso asachoke pa uvuni.

Mulibe sikelo ya magalamu? Muli nayo. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Pachikani hang'ala ya zovala pa msomali, mumangirire timabotolo tiwiri tofanana todulidwa pakamwa, mbali iyi ndi mbali iyo. Kwina ikani thabwa, kwina thirani madzi ndi sirinji kapena kakapu koyezera mankhwala mpaka hang'ala ilingane mbali zonse ziwiri. Werengani mamililita. Amenewo ndiwo magalamu anu.

Tsopano mabowo a misomali ya matayala. Boolani musanaseme. Ndibwereze: boolani musanaseme. Thabwa likadali ndi ngodya zake zinayi limagona bwino, sikweya imagwira bwino, ndipo bowo limalowa molunjika. Mukayamba n'kusema maonekedwe okongola, mudzasowa pogwira ndi poyezera. Bowo likhale locheperako pang'ono kuposa msomali, kuti msomaliwo ulowe mothina koma osakankha ulusi mpaka kung'ambika. Misomali ya m'kabokosi ndi yokhuthala mamilimita awiri ndi pang'ono. Ngati mulibe kachitsulo koboolera ka saizi imeneyo, chitani za amisiri: tengani msomali wina wocheperako, dulani mutu wake, muumange pa dirilo yamanja. Umaboola paini bwinobwino. Musakhomere msomali ndi hamala pathabwa losaboola. Kumeneko ndiye kupha galimoto isanabadwe.

Pocheka, gwirani mfundo iyi, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Mukachepetsa kukhuthala kwa thabwa ndi theka, mphamvu yake yokana kupindika siitsika ndi theka ayi. Imatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Kuchoka pa mamilimita 8 kufika pa 4, mwapulumutsa magalamu ochepa koma mwagulitsa pafupifupi msana wonse wa galimoto. Nzeru ndi iyi: musapyapyalitse mopitirira, gobani m'kati. Tsegulani mawindo pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Siyani mipanda iwiri m'mbali, yoyenda utali wonse, yokhuthala mmene inalili. Siyani kamtanda kamodzi kapena tiwiri tolumikiza mipandayo. Pozungulira mabowo a misomali pakhale pathunthu, sentimita imodzi kutsogolo ndi ina kumbuyo kwa bowo. Ndipo ngodya za mawindowo zisakhale zakuthwa. Yambani n'kuboola pangodya iliyonse, kenako mulumikize mabowowo ndi kasowo, chifukwa mng'alu umakonda kuyambira pangodya yakuthwa, pozungulira umasowa poyambira.

Galimoto yapepuka. Tsopano tiipatse msana.

Tengani nsungwi youma. Mphamvu ya nsungwi ili kukhungu kwake, choncho ng'ambani kachidutswa kowonda, mamilimita atatu kapena kuchepera, kokhala ndi khungu lakelo, mupale zofewa zam'kati. Kunsi kwa mpanda uliwonse gobani kangalande koti nsungwiyo ilowemo mothina. Pakani guluu woyera wa matabwa, lowetsani nsungwi, mangani ndi malegeni nganganga, thabwalo litagona pa thabwa lina lowongoka kuti lisapindike pomangapo. Magalamu awiri kapena atatu okha, koma kayeseni kupinda m'mawa mwake, mumve kusiyana kwake m'zala.

Njira ina ndi kuiveka. Thabwa likamapindika, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi pamwamba ndi pansi pake, pakati sipavutika kwenikweni. Ndiye matani chigawo chopyapyala pamwamba pa mawindo aja, ndipo ngati magalamu alola, china pansi. Kagawo kosendedwa ku pulayiwudi wakale kakwana. Galimoto imasanduka kabokosi kotsekeka, kopanda kanthu m'kati, kokana kupindika ndi kupotoka komwe. Balsa uja amavekedwa chonchi. Ndipo mlombwa tinasunga uja nthawi yake yakwana: ngati thabwa lanu ndi lofewa kwambiri, dulani kampata pamene padzadutse misomali, mumatemo kachidutswa ka mlombwa, muboole mmenemo. Cholimba chikhale pamene pali nkhondo. Kwina konseko kupepuke.

Za guluu ndinene mosabisa, chifukwa ndi pamene changu chimatipweteka. Guluu woyera akamata matabwa awiri m'mbali, ulusi utagona limodzi, polumikizapo pamalimba kuposa thabwa lenilenilo. Koma kumutu kwa thabwa kumamwa guluu yense n'kusiya polumikiza pali pouma, choncho musadalire kumata mutu ndi mutu. Pakani pang'ono, mofanana paliponse. Finyani mpaka timadontho tituluke m'mbali, pukutani. Kenako chokanipo. Maola 24. Musakasuzumire ndi zala, musakayese ngati wagwira. Pitani mukapale misomali, mukajambule maonekedwe, mukagone. Kudikira nakonso ndi ntchito ya mmisiri.

Supa guluu ali ndi ntchito ina, ndipo ndi yosangalatsa kuiona. Tengani wamadzimadzi uja. Donthezani dontho limodzi pakamwa pa bowo la msomali. Muona thabwa likumwa, mtundu ukusintha kuchoka poyera kupita kwa uchi, kachinyezi kakufalikira motsata ulusi. Akauma, paini wofewa uja wauma gwa, chikhadabo sichilowanso. Dikirani aume kotheratu, mupititsemonso choboolera chija ndi zala kuti bowo libwerere pa saizi yake. Tsopano mukhoza kuzula ndi kubwezera msomali kangapo bowo osakula. Msomali musaulowetse guluu akadali wamadzi, ndipo matayala akhale kutali. Chitani chimodzimodzi pamphuno, chifukwa ndi imene imagunda kumapeto kwa msewu ndiponso imatsamira pa kachitsulo kogwira galimoto mpikisano usanayambe. Isakhale yosongoka kwambiri, ikhale ndi pogundira. Gwirirani ntchitoyi podutsa mphepo, maso patali, ndipo musapukute ndi thonje kapena nsalu ya thonje chifukwa zimatentha zikakumana ndi guluu ameneyu. Ana aang'ono aonerere, dzanja likhale la wamkulu.

Kumbukirani kuti kumbuyo ndi kumene kusenze katundu. Magalamu 100 aja akukakhala pafupi ndi misomali iwiri yakumbuyo, ndipo pamene msewu ukusiya kutsetsereka n'kuyamba kuwongoka, kulemera konseko kumapsinja pomwepo. Ngati muli ndi guluu wa malo amodzi okha, mupatseni pamenepo. Zolemetsera n'zosasowa: manati, mawashala, tizidutswa ta bawuti. Akatswiri a ku America amakonda tungsten chifukwa amalemera pafupifupi ka 1.7 kuposa mtovu, choncho amatenga malo ochepa. Mtovu wokha tiupewe, ndi poizoni, makamaka m'manja mwa ana. Gobani kathumba, zitsulo zikhale m'munsi, muzimate ndi epoxy kuti zisagwedere. Kenako gonekani pensulo patebulo, muike galimoto pamwamba pake mopingasa, muisunthe mpaka itakhazikika. Ikhazikike pa masentimita 2 mpaka 2.5 kutsogolo kwa misomali yakumbuyo. Mukapitirira kumbuyo, mphuno imapepuka kwambiri ndipo galimoto imayamba kuvina pamsewu.

Kumaliza ndi kutseka thabwa kuti chinyezi chisabwerere. Sandipepala wa 120, kenako 220, kenako 400, nthawi zonse motsata ulusi. Vanishi kapena penti pang'onopang'ono, kangapo, mukupala mopepuka pakati pake. Pakani pamwamba, pakani pansi, pakani m'kati mwa mawindo. Mukapaka mbali imodzi yokha, mbali inayo imamwa chinyezi nyengo yamvula ndipo galimoto imapindika ili pa shelefu. Penti naye amalemera, choncho siyani magalamu atatu kapena anayi oti mudzadzaze pomaliza. Mtundu sankhani nokha, wofiira, wobiriwira, wa timu yanu, mmene mtima ukufunira.

Pali kamalo kamodzi kamene ambiri sakaona: pambali pa thabwa pamene tayala limakhudza likamazungulira. Pamenepo donthezani supa guluu, aume, mupale mpaka pakhale see, kenako pakanipo mtima wa pensulo yofewa mpaka pachite kuwala. Ufa wa pensulo womwewo uthireni pakati pa tayala ndi msomali. Mafuta a makina ayi, amakoka fumbi, amalowa m'thabwa, ndipo mipikisano yambiri siwalola. Zunguzani tayala ndi chala, muwerenge. Likamazungulira nthawi yaitali mwakachetechete, mwagwira ntchito.

Iyeseni musanaionetse anthu. Igwireni kumphuno ndi kumbuyo, muipotoze pang'ono. Ikulira? Ikugonja? Pezani pamene ikugonjerapo, muwonjezere nsungwi kapena chophimba. Pendeketsani tebulo pang'ono, muisiye itsike yokha, muone ngati ikupita molunjika kapena ikuthawira mbali imodzi. Konzani. Yesaninso. Konzaninso. Ikang'aluka, musaitaye. Yang'anani mng'aluwo, muutsatire ndi diso, muone ngati watsata mzere wotulukira m'mbali, ngati wayambira pa mfundo kapena pangodya yakuthwa. Yachiwiri mudzaisema mukudziwa. Ndipo pa yachiwiriyo sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya thabwa, kaya malo a zolemera, kuti mudziwe chimene chabweretsa liwiro.

Msewu nawonso tingaupange. Misewu ya ku America imakhala ya mamita 10 kapena kuposerapo, yonyamukira pamtunda wopitirira pang'ono mita imodzi. Ife tiyambe ndi matabwa aatali amene tingabwereke, tikhomepo timizere ta thabwa toti galimoto iliyonse izikhala italowetsa pakati pa matayala ake, kumapeto tiike chidutswa cha matiresi akale chowakha. Mamita asanu akwana poyambira. Khonde la sukulu lakwana. Holo ya tchalitchi yakwana. Kalabu ya sayansi ili ndi fizikisi yonse pamenepa, yogwirika ndi manja, yokuwiridwa ndi anthu.

Uzani anzanu asanu lero lomwe. Gwirizanani utali, gwirizanani magalamu, gwirizanani matayala amtundu umodzi kuti pasakhale wodandaula. Sikelo ikhale imodzi, woyeza akhale mmodzi. Sankhani tsiku la mpikisano, mulilembe pa bolodi ndi choko, zilembo zikuluzikulu. Wina abwereke dirilo. Wina akadule nsungwi. Wina asake chubu chakale cha njinga. Ndipo mawa m'mawa, kalipentala asanasese, mukhale mutafika kale pa mulu wa zidutswa.